Phulusa la Agogo ndi Ndevu za Anti

Agogo anga anali ndi ndevu zisanu ndi ziwiri pachibwano, ndipo ntchito yozizula inali yanga. Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, agogo n'kunditenga kumudzi kwawo, kumwera pang'ono kwa Chintheche. Pamene ndinkafika zaka khumi maso awo anali atachita ng'ala, choncho zala zanga ndizo zinalowa m'malo mwa kalilole. Loweruka masana ankakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, kumene amuna sadutsa, n'kukweza chibwano ngati nkhuku ikumwa madzi. Sankafuna kuti Lamlungu aime kutsogolo kwa kwaya ya amayi, atavala bulauzi yoyera, kamwana kena n'kumawaloza.

Phulusa lake linali la nkhuni zouma bwino, losefa pa kansalu mpaka kusalala ngati ufa wa kondowole. Ankalisunga m'kamphika kobenthuka kukamwa. Ndinkatapa pang'ono pa phale, kuliika pafupi ndi moto kuti lifunde, kulipaka pachibwano, kenako n'kuviikamo chala chachikulu ndi chamkombaphala. Phulusa limachotsa kuterera. Tsitsi limene likanapulumuka m'zala limagwirika, ndipo ukalikoka mwachangu, motsata kumene lagonera, limatuluka ndi muzu wake, kadontho koyera kumapeto. Amayi akwathu ankachita chimodzimodzi m'khwapa ndi kwina kumene sinditchula. Unkaphunzira kwa mayi wamkulu chitseko chili chotseka. Mwamuna sankachitiridwa zimenezi, ndipo sankayenera kuona n'komwe.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nthawi imene mafoni a m'manja anali atangoyamba kuoneka kwathu, ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina cha ku Kande. Antchito anali ochokera uku ndi uku, ndipo m'khitchini munkamveka Chichewa kuposa Chitonga chathu. Wophika wamkulu anali mayi wamtali wochokera kumwera, kumapiri a tiyi. Tonse tinkangoti Anti, ngakhale bwana amene. Ankavala mpango womanga bwino ndi malaya a manja aatali, ngakhale mu Okutobala pamene mchenga umawotcha mapazi. Ankalankhula motsitsa, ndipo akakwiya ankatsitsiratu. Buledi wawo alendo ankamunyamula m'zikwama popita kwawo.

Ine sindinali wolankhula, ndipo munthu wosalankhula anthu amamuiwala ngati mpando. Ndiye ndinkaona zambiri. Ndinaona kuti Anti ankadzuka tonse tisanadzuke, n'kupita kubafa ndi kachitini m'manja. Cha m'ma 3 koloko masana ankasowanso pang'ono, n'kubwera nkhope itapakidwa paudala watsopano. Thukuta la m'khitchini likatsuka paudalayo, pansi pa chibwano pankaoneka tiziphuphu tambiri, tina takuda, tina ta mafinya.

Tsiku lina zingwe zoyanikira zitadzaza, ndinapita ndi mashiti awiri kuseri kwa bafa la antchito. Ndinawapeza atapanika kachidutswa ka galasi mu udzu wa mpanda, sopo ali pachibwano, lezala lili m'manja. Anandiona m'galasimo. Sanatembenuke.

"Waona chiyani, mtsikana iwe?"

"Mukutuluka magazi, Anti."

Ndi zokhazo zimene zinandibwerera. Magazi ankatsikadi pakhosi kulowa m'kolala. Anandiyang'ana m'galasimo nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kansalu kamene ndinkagwirira ayironi ya makala.

Sanandipemphe kuti ndisunge chinsinsi. Patapita masiku awiri anabwera mochapira ndi ma epuloni awo, n'kukhala pa ndowa yovundikira ngati akupumula.

"Mayi anga atandibereka, azamba anati wabadwa mwamuna," anatero. "Ine sindinavomerezepo. Kuyambira ndili ngati msinkhu wa tebulo ilo ndikudziwa kuti ndine mkazi. Koma chibwanochi chimamvera azamba aja."

Masiku ano pa wailesi ali ndi mawu otchulira anthu ngati Anti. Nthawi imeneyo ine ndinalibe mawu aliwonse. Ndinangoona kuti munthu amene wakhala pa ndowayo ndi yemwe uja amandisungira chidutswa cha buledi. Anandiuza kuti malo atatu anachokapo mothawa, usiku umodzi wokha utawakwanira kulongedza. Kumalo komaliza, mlonda anawaona akumeta, ndipo pofika Lamlungu anyamata anali atayamba kuwadikirira panjira ya kumsika. Kuno anali atakhala zaka zinayi. Anali atadzala mapapaya kuseri kwa khitchini, ndipo anali atayamba kudya zipatso zake.

Kuyambira pamenepo ankabwera mochapira kawirikawiri, ndipo ndinamva mbiri yonse ya nkhondo yawo ndi ndevu. Lezala ndilo linali la tsiku ndi tsiku, koma likadutsa m'mawa, pofika masana mthunzi wabwerera, ndipo tsitsi lina limapindikira m'khungu n'kutupa. Anayesapo ufa wa m'chitini wogula m'sitolo, wosungunula ndi madzi, wonunkha ngati dzira lowola. Unachotsa ndevu pamodzi ndi khungu lomwe. Mlendo wina wachizungu anawasiyirapo timapepala ta phula tomata n'kumatula. Timapepalato tinagwira ntchito bwino pamikono, koma tinatha, ndipo kuno ukatigula kuti? Ku Limbe anaonapo mayi wachimwenye akuzula nsidze za mnzake ndi ulusi wopota, mbali imodzi atailuma ndi mano. Anti anayesa okha pagalasi mpaka ulusi unawacheka mlomo.

"Akuti ku Joni kuli makina a magetsi owotcha muzu weniweniwo, osameranso," anatero tsiku lina. "Ndikadzakafika ndidzagona pansi pake sabata yathunthu. Adzachita kundikoka miyendo."

Vuto linabwera ndi ukwati. Mtsikana wina woperekera zakudya, wokondedwa ndi tonse, ankakwatiwa kwawo ku Ruarwe, ndipo anapempha Anti kuti akatsogolere zophika. Anawapempha pamaso pa anthu, atagwada, akuwatchula mayi ake achiwiri. Amayi tonse a pa loji tinali oti tipite. Ku Ruarwe umapita pa boti, ndipo subwerera tsiku lomwe wafuna. Tinauzidwa kuti tikagona masiku atatu m'kalasi imodzi ya sukulu, mphasa kugundana, amayi a m'mudzimo ali pomwepo.

"Masiku atatu," anatero Anti, atakhala pa ndowa ija. "Kopanda mpanda, kopanda chitseko. Ndikakana, adzafunsa chifukwa. Ndikapita, adzachiona chifukwacho."

Ndipamene ndinawauza za phulusa. Ndinati agogo ndikawazula Loweruka, pamatha masabata awiri kapena atatu zisanatulukenso, ndipo Loweruka lililonse ndimangosaka zotsalira. Anti anandifunsa katatu ngati ndikunena zoona.

Kulakwa kwanga kunali kwa mantha. Agogo, ngakhale sankaona, kamphika kawo ankakadziwa ndi chala, ndipo ndikanatapamo akanafunsa. Pafupi pake panali chitini cha phulusa lina, la makoko a chinangwa ndi nthochi, lochezera chidulo chothira m'chigwada. Ndinati phulusa ndi phulusa. Ndinatapa la m'chitinilo, ndipo mawa lake masana, mochapira, ndinalipaka pachibwano cha Anti, pa khungu lodzaza mabala a lezala, thukuta likutsika. Phulusa la chidulo likanyowa limalusa. Ndi chifukwa chake limafewetsa masamba. Anti anapirira mpaka ndinazula tsitsi ngati khumi, kenako anati, motsitsa kwambiri, "Mng'ono wanga, tandipatsa madzi." Pofika madzulo chibwano chonse chinali chitatupa, chofiira, chikuchucha. Lezala silikanadutsapo. Ukwati unali utatsala masabata awiri.

Ndinafika kunyumba n'kupeza agogo atagwira chitini chija pamiyendo, akuchigwedeza.

"Ndani akudya chigwada kuno ine osadziwa?"

Kunama sindinkatha. Ndinkangotha kukhala chete, ndipo kwa agogo chete wanga anali ngati belu.

"Ndawotcha munthu, agogo."

"Pati?"

"Pachibwano."

Anaika chitini pansi, nafwenkha fodya wawo wa mphuno, n'kuyetsemula kawiri.

"Chitsiru cha mwana. Ukamutenge mawa. Usamusiye awole."

Anti anakana poyamba. Ankadziwa kuti agogo ndi a bulauzi yoyera, oti liwu lawo limodzi pa khomo la tchalitchi limafika ku Kande minibasi isanafike. Koma nkhope inali itatupa, ndipo ndevu zinali zitayamba kuboola pa zilondazo. Anamanga mpango kuzungulira chibwano n'kuuza bwana kuti akupita kukafuna mankhwala a dzino.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Anti anagwada pakhomo.

"Mwatandala uli, ambuya?" Chitonga chawo chinali chokhota ngati msewu wa kumapiri.

"Siyani, mungathyole lilime," anatero agogo m'Chichewa chawo chokhotanso. "Sunthirani kuno. Ine ndimaona ndi manja."

Tinalowa m'nyumba. Agogo anamasula mpango uja okha. Ndinaima pakhoma, ndikuyang'ana zala zawo, zakuda, zokhakhala ndi madzi oviikamo chinangwa, zikuyenda pankhope ya Anti. Zinayamba pamphumi, kutsikira m'masaya, kudutsa pamwamba pa mlomo, pang'onopang'ono, mobwereza. Izi sizinali ndevu zisanu ndi ziwiri za nkhalamba, ndipo zalazo zinadziwa. Zinatsika pachibwano, n'kupitirira mpaka pakhosi, pomwe pali kafupa kotuluka. Pamenepo chala chinaima. Ndinaona kafupako kakukwera n'kutsika. Anti anali atatseka maso, manja atawapinda pamiyendo, ngati munthu wodikira kuti boti ligubuduke.

Sindikudziwa kuti chalacho chinakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka kuti panja nkhuku inkatetera.

"Zaka zingati mukudzipala chonchi?" anafunsa agogo.

"Khumi ndi chimodzi, agogo."

"Chinangwa timachipala kamodzi. Inu tsiku ndi tsiku." Anapukusa mutu. "Kwanu kulibe amayi?"

"Aliko. Koma sanandiphunzitse."

Nthawi yomweyo kunamveka odi panja. Anali bambo oyandikana nafe, msodzi, wobwera kudzabwereka nkhwangwa monga ankachitira nthawi zonse, ndipo mwachizolowezi anali atayamba kale kukankha chitseko. Anti anagwira mpango kuti adziphimbe. Agogo anawagwira dzanja n'kulitsitsa, natembenuzira nkhope kuchitseko.

"Bwererani. Muno muli za amayi."

Bambo aja anapepesa katatu akubwerera chambuyo, ndipo tinamva mapazi awo akufulumira ngati aponda moto. Agogo anati ndiike mtondo kuchitseko. Kenako anati nditenge kabotolo ka mafuta a nsatsi ndi madzi ofunda.

Ine ndinali nditakula ndikumva mawu amenewo. Ndinkawamva ndili kunja, ndili kamwana, amayi akatsekera namwali m'nyumba. Ndinadzawamva ndili m'kati tsiku langa litafika. Sindinaganizepo kuti ndi mawu olemera mpaka tsiku limenelo, nditaona Anti, mayi wamkulu woopedwa ndi khitchini yonse, akulira popanda phokoso, madzi a m'maso akulowa m'zilonda, agogo akuwakalipira kuti mcherewo uwonjezera kunyereza.

Agogo analamula zonse ngati sing'anga wa boma. Masiku asanu ndi awiri, mafuta a nsatsi okhaokha, lezala osaliyandikira. Ndevu zikule, chifukwa chimene sichinatuluke suchigwira.

"Nanga kuntchito ndikaoneka bwanji, agogo?"

"Si mwati dzino? Dzino silipola msanga. Mangani mpangowo, muzibuula pang'ono anthu akamadutsa."

Anti anabuula sabata yonse. Anabuula bwino moti bwana anafuna kuwatengera kuchipatala ku Nkhata Bay pa galimoto yake, ndipo mlonda anawabweretsera muzu woti aziluma.

Zilonda zitauma tinayamba. Zinatitengera masana atatu, chitseko chotseka, mtondo uli pamenepo. Phulusa linali la m'kamphika kobenthuka kaja. Agogo ankakhala atatambasula miyendo, mutu wa Anti uli pa ntchafu zawo. Ankayamba ndi nsalu yoviika m'madzi otentha kuti khungu lifewe, kenako ankakoka khungulo ndi zala ziwiri kuti liwambike, ine n'kumazula pakati pa zalazo. Ankamva ndi chala kumene tsitsi lagonera n'kumandiuza: tsikira kuno, ili lapindika, ili lisiye mpaka mawa. Ndevu za Anti sizinali zothithikana ngati za amuna, koma mizu yake inali yakuya, ndipo pamwamba pa mlomo ankachita kugwira mwendo wa agogo mpaka agogo kudandaula.

"Agogo, nkhuku amayamba aipha, kenako n'kuisosola."

"Nkhuku sibwera yokha kudzapempha. Khalani chete, mukugwedeza chibwano."

"Mdzukulu wanuyu ali ndi nkhanza. Onani nkhope yake, ngati akusankha mpunga."

"Ameneyo ndi wabwino ntchito zosafuna pakamwa."

Tsiku lachiwiri agogo anasiya kunena kuti inu. Anangoyamba kuti iwe, mwana wangu, monga ankanenera kwa ine. Anafunsa za pamikono ndi pachifuwa, Anti n'kunena kuti kumeneko lezala limakwana kamodzi pa masiku angapo, ndipo kuli malaya. Agogo anati m'khwapa mokha tichitemo, chifukwa mkazi wophika pa ukwati amakweza manja. Za azamba aja, kapena za kafupa ka pakhosi, sanafunsepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka imfa yawo. Sindikudziwa zimene ankaganiza akaima m'kwaya Lamlungu. Ndinkawayang'ana kuti mwina ndiona kanthu, koma ankangoimba monga kale, mokweza ndi mophonya pang'ono.

Masana achitatu titamaliza, agogo anatsuka nkhope ija, kuipaka mafuta, n'kuyendetsa chikhatho chonse kuyambira kukhutu mpaka kukhutu linzake, mobwerera kumene tsitsi limamerera. Anachita kawiri. Kenako anatenga dzanja la Anti n'kuliika pamenepo.

"Tamvera."

Anti anadzisisita nthawi yaitali. Galasi sanalipemphe.

Tinanyamuka patapita masiku awiri, kutupa kutaphwa, dzino litapola mozizwitsa. Minibasi inatifikitsa ku Nkhata Bay, kenako boti lodzaza ndi matumba a mpunga, mapoto obwereka, mbuzi ziwiri ndi amayi khumi ndi anayi. Anti, mwana wa kumapiri, anagwira thabwa ndi manja onse ulendo wonse, maso ali pa mapazi awo, amayi akuwaseka kuti mlendo woti wakhala kunyanja zaka zinayi akuopabe madzi. Kusekako kunawathandiza: ku Ruarwe palibe anadabwa atanena kuti iwo m'nyanja salowa, asamba ndi ndowa kuseri kwa thanthwe, chitenje chili pachifuwa.

Mudzi umenewo wapanikizika pakati pa phiri ndi madzi, ndipo palibe pobisala. Anti anaphika masiku awiri pabwalo, padzuwa, utsi ndi thukuta zikutsuka nkhope, amayi a m'mudzi atawazungulira kuti aone mmene amathirira zokometsera mu mpunga. Ine ndinkatsuka mbale chapafupi, maso anga ali pachibwano chawo. Cha m'ma 3 koloko ndinaona dzanja lawo likupita lokha kukafuna kachitini kakubafa kaja m'thumba la epuloni. Linafika pathumba, linaima, n'kukwera kukakhudza tsaya. Kenako linabwerera ku mthiko. Mayi a mkwatibwi, pothokoza, anawagwira nkhope ndi manja awiri monga amachitira amayi akwathu, n'kunena kuti yewu, yewu ukongwa. Ndinayang'anitsitsa manjawo mpaka atachoka. Anachoka ngati mmene amachokera pankhope ina iliyonse.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi m'mawa wa tsiku lachitatu, ukwati utatha. Ndinadzuka mochedwa, dzuwa litalowa kale pa mawindo opanda magalasi a kalasi ija. Amayi ena anali atapita kunyanja, ena akupinda mphasa, wina akuyamwitsa atatsamira bolodi. Pakati pa chipindacho, pa mphasa yawo, Anti anali chigonere. Anagona chagada, mpango utavuka, pakamwa pali pululu, dzanja limodzi litagwera pa mwendo wa mayi wina wa m'mudzimo. Kuwala kunali pankhope pawo penipeni, ndipo aliyense wodutsa ankawayang'ana.

Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito, palibe anali atawaonapo ali m'tulo. Zaka khumi ndi chimodzi tambala ankawapeza ali kale kubafa.

"Taonani wophika wamkulu," anatero mayi woyamwitsa uja. "Ife tiyi timwa mawa."

"Akuliza ndi mkonono womwe, ngati injini ya boti," anatero wina, n'kuwerama kuti awagwedeze phewa.

Ine, amene anthu ena m'chipindamo anali asanamvepo mawu anga, ndinati, "Asiyeni agone."

Onse anatembenuka kundiyang'ana. Mayi uja anabweza dzanja lake, akuseka, n'kutola ndowa. Ndinakhala pansi pambali pa mphasayo kuingitsa ntchentche, ndipo Anti anagona mpaka woyendetsa boti atayamba kuitana anthu kugombe.